Kachingwe ka kamera ndi kabwino koma anyamata oika aja anandiphera batire

Ndapereka nyenyezi zitatu, ziwiri zinazo ndachotsa chifukwa cha anthu a pa shopu pomwe ndinagula ndi kuikitsa kachingweka. Dashcam, kamera yojambula msewu ya m'galimoto, ndinali nayo kale, ndinkangosomeka pa sokheti ya ndudu ija, koma galimoto yanga ukangochotsa kiyi sokheti imazimanso ndiye kamera imagona pompo. Ine ndimafuna izijambula ngakhale ndaimika galimoto ndachokapo, ndiye ndinagula hardwire kit, kachingwe kolumikiza kamera molunjika ku mafyuzi a galimoto, ndipo yoikitsa anandilipiritsa padera.

Mnyamata woikayo sanathe ndi mphindi 20 zomwe. Ndinamufunsa bwinobwino kuti achimwene, kodi sikandimalizira batire aka? Anayankha maso ali pa foni kuti bwana musadandaule kamazima kokha. Basi. Pepala la malangizo analitaya limodzi ndi katoni.

Ndinaimika galimoto Lachisanu madzulo, sindinayende wikendi yonse. Lolemba m'mawa mwana wavala kale yunifomu ali kumbuyo ndi chikwama chake, ine ndili ndi miting'i 8 koloko, ndikuti ndilize galimoto kungomva tche tche tche, magetsi a pa dashibodi akuphethira ngati kandulo ikutha. Ndinayesa kanayi mpaka sitata inasiyiratu kuyankha. Mwana anayamba kulira kuti akalangidwa kusukulu, ine thukuta kamukamu kugogoda makomo a maneba kufuna majampa, wina alibe, wina wapita kale, amene anandithandiza anachita kudzutsidwa. Miting'i ndinaipeza ikutha. Masana ndinabwerera ku shopu kuja mtima uli phuphuphu, ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri ndi choti sanatsegule n'komwe bokosi la mafyuzi kuti aone. Anangoti batire yanu ndi yokalamba bwana, gulani yatsopano, ndipo mabatirewo akugulitsa ndi iwo omwe. Inde ili ndi zaka 4, koma Lachisanu lomwelo inkaliza kamodzi n'kamodzi.

Amene anandimasula ndi bambo wina wokonza za magetsi a galimoto. Anagwada pansi pa chiwongolero ndi ka tesita kake kababu, anandiitana kuti bwerani muone nokha. Kachingweka kali ndi mawaya atatu. Yakuda imamangidwa pa bawuti ya chitsulo cha galimoto, ina imapita pa fyuzi yomwe imakhala ndi moto nthawi zonse, yachitatu ya ACC imapita pa fyuzi yomwe imayaka pokhapokha watembenuza kiyi, ndipo ndi imeneyi imauza kamera kuti injini yazima lowa mu parking mode, kulondera galimoto yoimikidwa mosadya moto wambiri. Mnyamata uja anaika ziwiri zonse pa moto wa nthawi zonse, ndiye kamera inkaona ngati tili pa ulendo, kujambula kosalekeza ndi GPS ndi WiFi zonse zili zoyaka. Waya imodzi anangoikulunga pa mwendo wa fyuzi osagwiritsa fuse tap, kachipangizo kolumikizira waya pa fyuzi, bamboyo anapukusa mutu kuti izi zimayatsa moto. Anandiuzanso kuti osamadalira mtundu wa waya, makampani ena yachikasu ndi ya batire yofiira ndi ACC, ena ndi mosemphanitsa, werengani kalebulo kali pa wayayo. Komanso osakhudza fyuzi ya ma airbag kapena ABS.

Ndiye pali kaswitchi kakang'ono pa kabokosi kakuda ka pa kachingweka, kosankhira mphamvu ya batire yomwe ikafika kamera izime, 11.8, 12.0, 12.2 kapena 12.4V. Kanali pa 11.8V. Batire yodzadza bwino imakhala cha pa 12.6V, ikafika 11.8 ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu, yatsopano mwina ingalize koma yanga yotopayi ayi. Anakaika pa 12.4.

Apa ndiye ndinene chilungamo, kuyambira tsiku limenelo kachipangizoka sikanandivutepo. Kamatsitsa 12V kufika pa 5V yomwe kamera imafuna, sikatentha, ndikazimitsa injini ndimamva kamera ikulira kamodzi kusonyeza kuti yasintha. Sabata yachitatu ndinaimika pa malo oimika magalimoto, pobwera ndinapeza bampa yakumbuyo yakalika mpaka penti kusupuka, palibe kapepala palibe munthu. Kutsegula memore kadi, zonse zilimo, galimoto yoyera ikubwerera m'mbuyo, kugunda, dalaivala kutsika kuyang'ana kenako kuthawa, nambala ikuoneka bwinobwino. Atapezeka anayamba ndi kukana, nditamuonetsa vidiyo pa foni anangoti pepani ndikonzetsa, ndipo anakonzetsadi. Tsiku limenelo mkwiyo wanga pa kachingweka unathera pomwepo.

Chovuta n'choti pa 12.4 kamera sichezera usiku wonse, pa galimoto yanga imazima pakati pa usiku, makamaka ngati tsikulo ndangoyenda timaulendo tatifupi batire osachajika mokwanira. Amene mukufuna izijambula mpaka kucha ganizirani kabatire kapadera ka kamera kaja komwe kamachajika injini ikamalira, ine ndikusunga ndalama yake. Batire yanga kuchokera Lolemba lija imaliza mwaulesi m'mawa kukazizira, ndikudziwa ndigula ina posachedwa, koma osati kwa anyamata aja.