MSI Afterburner: imakuonetsa chimene chikugwetsa clock pa khadi yako

Anzanga amene mwakweza clock (liwiro la chip) pa graphics card koma ma FPS (zithunzi pa sekondi) akungogwabe mkati mwa gemu, musanathamangire kukataya ndalama pa power supply yatsopano ikani kaye MSI Afterburner muone. Ndi pulogalamu yaulere yosinthira ndi kuonera mmene khadi ikugwirira ntchito, ndipo olo dzina lake lili MSI imagwira pa khadi ya kampani iliyonse. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa RTX 3060, ndipo chomwe ndimaikondera kwambiri si ma slider ayi, koma kuti imakuuza chenicheni chimene chikuipanikiza khadiyo.

Zimakhala chonchi, wawonjezera +150 pa core clock, gemu yayamba bwinobwino, kenako ukangofika pamalo polemera, pautsi, zinthu zikuphulika, anthu ali piringupiringu pa screen, clock ija yayamba kukwera kutsika kukwera kutsika, chithunzi n'kumadukaduka. Ambiri amangoti yatentha basi. Nthawi zina inde, makamaka fumbi likadzadza mu fani. Koma lowani mu Settings, pa Monitoring, muchonge Power limit, Temp limit ndi Voltage limit, muziike pa screen kudzera mu RivaTuner yomwe imabwera limodzi ndi Afterburner yo. Zimangoonetsa 0 kapena 1, ndipo 1 akutanthauza kuti khadi yagunda malire amenewo. Kwanga Temp limit inali phee pa 0, kutentha kusanayandikire n'komwe 83°C pomwe makhadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzibweza, koma Power limit inkangothwanima 1, 1, 1. Mukafuna umboni wina tsegulani pulogalamu ina ya GPU-Z, pa PerfCap Reason mupeza palembedwa Pwr.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. 3060 anaiikira malire a 170W, ikangogunda pamenepo imatsitsa yokha voltage ndi clock kuti isapyole, sikuti yawonongeka, ikuchita zomwe anaipangira. Malirewo ali mu BIOS ya khadi, kapulogalamu kamkati mwa khadimo, osati mu power supply. Slot ya pa motherboard imapereka 75W, chingwe cha 8-pin 150W, ndiye magetsi alipo okwanira, kungoti khadiyo siikuloledwa kuwatenga. Mutagula power supply ya 850W palibe chisinthe. Power supply yofooka imadziwika mwa mtundu wina, kompyuta imangothima kapena kuyambiranso yokha.

Choyamba kokerani slider ya Power Limit kumapeto. Makhadi ena amalola 110% kapena kuposa, ena amakanirira pa 100%, ndipo pa ma laputopu ambiri slider yo siisuntha n'komwe. Zimenezo amakhoma ndi amene anapanga khadi, pulogalamuyi singatsegule. Yanga imangosuntha pang'ono, sizinathetse vuto.

Chomwe chinathetsa ndi undervolt, kutanthauza kutsitsa voltage ya khadi. Dinani Ctrl+F, patuluka curve ya voltage ndi clock. Yanga payokha imakwera kupyola 1.05V, ndipo voltage ndi imene imadya magetsi kwambiri, ukaitsitsa pang'ono ma watt amagwa kwambiri kuposa momwe ungaganizire. Ndinasankha kadontho ka 900 mV, n'kukakweza kufika cha m'ma 1900 MHz, madontho onse a kumanja kwake n'kuwagoneka mzere umodzi, Apply. Clock inakhazikika pamenepo osagwedezeka, Power limit inabwerera pa 0, fani inasiya kulira, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno chimenechi si chinthu chaching'ono. Nambala ya clock ndi yocheperapo kuposa ija ndinkaiona gemu ikamayamba, koma imeneyi imakhala mpaka umalize kusewera. Musangokopera manambala angawa, chip iliyonse ili ndi khalidwe lake, gemu ikatseka yokha tsitsani 15 MHz muyesenso. Komanso musaiwale kuti memory clock nayo imadya pa 170W yomweyo.

Curve yo imafuna kudekha, timadontho ndi tating'onoting'ono ndipo ulendo woyamba umatenga nthawi kuti ugwire bwino. A makhadi a AMD, zambiri mwa izi mutha kuchitira mu pulogalamu ya AMD ya Adrenalin momwemo. Potsitsa Afterburner pitani pa webusaiti ya MSI kapena Guru3D basi, chifukwa pakhala pakutuluka masamba abodza ofanana nayo omwe amakuikira kavairasi kokumba crypto ndi khadi yako yomwe. Mukapeza manambala okhazikika asungeni pa Profile 1 n'kudina kachizindikiro ka Windows ka mu Afterburner momwemo, kuti azidzilowetsa okha kompyuta ikamayaka.