Glock 19 Gen5 nditasiya Gen3: ndemanga ya munthu wamanzere wa ku Mzuzu

Ndiyambe ndi yankho, chifukwa anzanga amene ali ndi ziphaso za mfuti akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi n'koyenera kusiya Glock 19 ya m'badwo wachitatu (Gen3) n'kugula ya m'badwo wachisanu (Gen5)? Glock 19 Gen5 ndi pisitolo yabwino, ndipo kwa ine inali yoyenera kugula. Koma ngati muli ndi Gen3 yosamalidwa bwino, mumawombera ndi dzanja lamanja, ndipo zala zanu zimakhazikika bwino pa chogwirira chake, musadzivutitse kuigulitsa. Ine ndinasintha chifukwa ndine wamanzere, ndipo chifukwa chimenechi chikuposa zonse zimene otsatsa malonda amakamba za Gen5.

Ndimapikulitsa katundu kuno ku Mzuzu, ndipo maulendo anga ambiri ndi a pa M1, kutsetsereka Chiweta kupita ku Karonga, kapena kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa kulowera ku Lilongwe, nthawi zina usiku. N'chimene chinandichititsa kupempha chilolezo chokhala ndi mfuti. Gen3 ndinakhala nayo zaka zambiri ndisanaigulitse motsata ndondomeko ya kupolisi. Gen5 ndadutsa nayo dzinja ndi chisanu chomwe, choncho ndaiona mokwanira.

Mukaziika pa tebulo ziwirizi, munthu wosazizolowera sangazisiyanitse msanga. Kampani ya Glock ya ku Austria, imene anayambitsa malemu Gaston Glock, inatulutsa Glock 19 mu 1988 ngati mng'ono wake wa Glock 17, ndipo kuchokera nthawi imeneyo thupi lake silinasinthe kwenikweni: mpope wodutsa chipolopolo wa mamilimita 102, magazini olowa zipolopolo 15 za 9mm, kulemera kwake pafupifupi magalamu 670 magazini ali opanda kanthu. Gen3 inabwera mu 1998, Gen4 mu 2010, Gen5 mu 2017, itachokera ku mtundu umene kampaniyi inapangira a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America. Kusiyana kwake kumamveka m'dzanja, osati m'maso.

Choyamba ndi chogwirira. Gen3 ili ndi timizera totukuka kutsogolo kwa chogwirira, tolekanitsa zala. Amene manja awo ndi apakatikati amatikonda, chifukwa chala chilichonse chimapeza malo ake. Manja anga ndi aakulu, zala zake zonenepa, ndiye chala chapakati chinkakhala pamwamba pa kamzera m'malo mokhala m'kati, ndipo ndikawombera kangapo ndinkayenera kugwiranso bwino. Pa Gen5 timizerato anatichotsa. Kutsogolo n'kosalala, dzanja limadzipezera lokha pokhala. M'bokosi amaikamonso tizidutswa ta pulasitiki tophatikiza kumbuyo kwa chogwirira kuti chinenepe, ndipo ine ndinaikapo kapakati. Tsiku loyamba lomwe ndinamva kuti mfuti yakhala m'dzanja langa, osati dzanja langa kukakamizidwa kutsata mfuti. Khungu la chogwirira nalonso n'lokhakhala kuposa la Gen3, zimene zimathandiza manja akanyowa. Kuipa kwake, likakhudza thupi tsiku lonse limakanda, moti popanda vesiti m'kati mwa malaya simungapirire.

Tsopano nkhani ya ife amanzere, imene ambiri olemba za mfuti amangoilumpha. Pa Gen3, kachitsulo kogwira slide (slide ndi chitsulo cha pamwamba chija chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira) kali mbali imodzi yokha, kumanzere kwa mfuti, pamene pamafika chala chachikulu cha munthu wogwira ndi dzanja lamanja. Batani lotulutsira magazini lilinso komweko ndipo silisunthika. Wamanzere amaphunzira kudina ndi chala cha mkombaphala kapena chapakati, ndipo zimatheka, ndinachita zimenezo kwa zaka. Koma sindinkasangalala kuti chala chomwe chimakoka trigger, kokoka kaja kolizira mfuti, chizipatsidwanso ntchito zina pafupi ndi trigger yomweyo. Pa Gen5 kachitsulo kaja kali mbali zonse ziwiri, ndipo batani la magazini limatembenuzidwa kupita mbali inayo. Ndinalitembenuza, ndipo tsopano chala chachikulu chikugwira ntchito yake, cha mkombaphala chikukhala chowongoka m'mbali mwa mfuti kufikira nthawi yowombera. Kwa ine zimenezi ndi nkhani ya chitetezo, si ya kukongola ayi.

Pali chimodzi chimene wamanzere aliyense ayenera kudziwa asanasangalale. Magazini a Gen3 amalowa mu Gen5 popanda vuto batani likakhala mbali imene linali pochokera ku fakitale. Mukalitembenuza, magazini akale amene ali ndi kampata kokolera mbali imodzi yokha sagwiranso, amangotsika. Ofunika ndi amene ali ndi timipata mbali zonse, monga amene amabwera ndi Gen4 ndi Gen5. A Gen5 mudzawazindikira ndi kapulasitiki ka olenji kokankha zipolopolo, kamene kamathandizanso kuona msanga kuti magazini atha. Choncho ngati mwasunga magazini akale poganiza kuti mudzapulumutsa ndalama, ayang'aneni kaye mbali zonse.

Za trigger ndi mpope sindinena zambiri chifukwa kusiyana kwake n'kochepa. Trigger ya Gen5 imayenda mosalala pang'ono. Mpope wake watsopano, umene amautcha Glock Marksman Barrel, amati umalondola bwino, ndipo sindikutsutsa, koma pa mtunda wa mamita 10 kapena 15 umene timayeserera, zibowo za pa pepala zimaonetsa luso la wowombera osati la mpope. Zipolopolo kuno n'zodula ndipo sizipezeka nthawi zonse, ndiye ambiri a ife sitiwombera kokwanira kuti tifike poona kusiyana koteroko. Sipuling'i yapawiri yobweza slide, imene pa Glock 19 inayamba ndi Gen4, imafewetsa kagwedezedwe pang'ono. Ndimakumva, koma sindikanagula mfuti ina chifukwa cha zimenezo zokha.

Chimene ndinkada nacho nkhawa kwambiri chinali chinyezi. Amene amakhala ku Mzuzu akudziwa kuti kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi chifunga ndi mvula yowaza zimatha kukhala masiku angapo, zovala osauma, zitsulo m'nyumba n'kuyamba kufiira. Gen3 yanga inali ya utoto wakale uja wa Tenifer, ndipo sinagwirepo dzimbiri ngakhale m'mphepete mwa slide munayera chifukwa chokhuzika ndi holster, kachikwama konyamuliramo mfuti m'chiuno. Gen5 ili ndi wina wotchedwa nDLC, wakuda kwambiri komanso woterera. Nayonso dzimbiri sinagwire. Koma kutererako ndimakumva pokoka slide manja ali onyowa kapena ali ndi mafuta, ndipo apa timizera ta kutsogolo kwa slide, timene Gen5 zotuluka pambuyo pake zili nato, timathandiza. Zoyambirira zinalibe. Ngati mukusankha, sankhani yokhala ndi timizera kutsogolo. Kusamala kwake n'chimodzimodzi: mafuta pang'ono pamalo oyenda slide, osathira ngati mukukazinga, ndipo m'bokosi losungira muziikamo timapaketi toyamwa chinyezi. Zipolopolo ndi masipuling'i a magazini ndi zimene chinyezi chimayamba kuwononga, mfutiyo isanadandaule n'komwe.

Apa ndiye pamene Gen3 imapambana, ndipo ndikufuna ndinene mosabisa ngakhale ndinaisiya. Masipeya. M'kati mwa Gen5 anasinthamo zambiri: mapini ogwira zam'kati ndi awiri m'malo mwa atatu, masipuling'i a trigger ndi ena, sipuling'i yobweza slide ndi ina, ndipo zambiri mwa izi sizilowana ndi za Gen3. Gen3 yakhala pa msika zaka zoposa 25, makampani ambiri padziko lapansi amapanga zipangizo zake, ndipo amisiri a mfuti anaizolowera. Ili ngati Hilux yakale ija, imene makaniko aliyense wa ku Luwinga amaidziwa ndipo sipeya yake siisowa. Kwa munthu wa ku Malawi zimenezi si zazing'ono. Chilichonse cha mfuti chimachokera kunja, chimadutsa kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo chimafuna ndalama zakunja zimene zikusowa. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kakanthu kakang'ono ngati sipuling'i kamadula ndipo kamatenga nthawi kuti kafike. Pogula Gen5 yanga ndinapempha wogulitsa kuti andiitanitsirenso sipuling'i yobweza slide ina yosungira pamodzi ndi magazini ena, zonse pa ulendo umodzi. Ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi.

Gen4 ili pakati, ndipo anthu amaiiwala. Timizera ta zala ili nato, koma batani la magazini limatembenuzika, tizidutswa tonenepetsa chogwirira tilipo, sipuling'i ndi yapawiri. Zoyambirira za 9mm zinali ndi madandaulo pa sipuling'iyo mpaka kampani inaisintha mwaulere mu 2011, choncho mukapeza Gen4 yakale kwambiri funsani ngati inasinthidwa. Wamanzere amene zala zake zimagwirizana ndi timizera tija akhoza kukhutira nayo.

Zimene sizinandisangalatse pa Gen5 zilipo. Zoyang'anira polunjika, zija za pamwamba pa slide, zikadali za pulasitiki monga zinalili pa Gen3, ndipo pa mfuti ya mtengo wotere ndinkayembekezera zachitsulo. Mwayi wake malo ake ndi ofanana, ndiye zachitsulo zopangidwira Gen3 zimakwananso. Gen5 zoyambirira zili ndi kampata kodulidwa kutsogolo m'munsi mwa chogwirira, kamene kamatsina chala chaching'ono cha munthu wa manja aakulu. Pambuyo pake anakachotsa, ndipo yanga ilibe, koma ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito kayang'aneni. Pakamwa polowera magazini anapakuza pang'ono, zimene n'zabwino, magazini amalowa osakodwa. Holster yanga yachikopa ya Gen3 inakwana bwinobwino. Zolimba za pulasitiki zina zimakhuza kachitsulo kachiwiri kogwira slide kaja, ndiye yesani musanalipire.

Pali chinthu chimene sichinasinthe m'mibadwo yonseyi, ndipo ndimachinena kwa aliyense wondifunsa, makamaka amene akugula pisitolo yoyamba. Glock ilibe kabatani kotsekera kamene mumakankha ndi chala monga mfuti zina. Zotetezera zake zitatu zili pa trigger ndi m'kati, ndipo zimaletsa mfuti kulira ikagwa pansi, koma trigger ikakokedwa, kaya ndi chala cha mwana kaya ndi nsonga ya malaya yokodwa mu holster, imalira. Komanso kuti muimasule poitsuka, mumayenera kukoka trigger. Ndiye musanayambe, tulutsani magazini, kokani slide, yang'anani m'kati ndi maso, pisanimo ndi chala, ndipo zipolopolo zikhale m'chipinda china. Ine ndili ndi ana ndi adzukulu pakhomo. Mfuti ikachoka m'chiuno mwanga imalowa m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo kwina, kiyi ali ndi ine. Gen5 sinandichepetsere udindo umenewu ngakhale pang'ono, ndipo amene akuganiza kuti yatsopano ndi yotetezeka kuposa yakale pa nkhani ya ana akudzinamiza. Holster nayo izikhala yophimba trigger yonse.

Musaiwalenso mapepala. Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act ya 1967, limaika nkhanizi m'manja mwa Registrar of Firearms, mkulu wolembetsa mfuti kupolisi, ndipo chiphaso chimalembedwa pa mfuti imodzi ndi nambala yake. Kuchoka ku Gen3 kupita ku Gen5 si kusinthanitsa chabe ngati foni. Yakaleyo iyenera kupita kwa munthu amene waloledwa kuitenga, yatsopanoyo muipemphere chilolezo chake, ndipo pakati pake pali kudikira. Munthu wadzanja lamanja amene Gen3 yake ikugwira bwino ntchito aziwerengera zonsezi pamodzi ndi mtengo, kenako adzifunse ngati trigger yosalala pang'ono ikuyenera khama lonselo. Ndalama zomwezo atagulira zipolopolo zoyeserera ndi zoyang'anira zachitsulo, angawombere bwino kuposa mnzake wa Gen5 amene sayeserera.

Kwa amene mwaganiza zogula Gen3 yogwiritsidwapo kale ntchito, musaope kuyera kwa utoto m'mphepete, kumeneko n'kukhuzika chabe. Yang'anani m'kati mwa mpope pa kuwala kuti muone ngati mulibe dzimbiri kapena kutupa, onani ngati pulasitiki sinang'ambike pafupi ndi mapini ndi timanjanji toyenda slide, ndipo funsani ngati mwini wake anasinthamo zipangizo za trigger ndi zosakhala za Glock. Ngati anasintha, ine ndingaisiye. Sipuling'i yobweza slide ingosinthani mukangogula, chifukwa simudziwa kuti yawombera kangati. Nambala ya mfuti imalembedwa malo atatu, pa slide, pa mpope ndi pa kachitsulo ka pansi pa thupi lake kutsogolo kwa trigger. Zonse zitatu zifanane, zifananenso ndi imene ili pa chiphaso cha wogulitsayo, ndipo ndalama musapereke apolisi asanavomereze kuti mfutiyo ilembedwe m'dzina lanu.