Tebulo likakula: DataTables, OFFSET kapena keyset?

Nyengo yogula mbewu ikayamba, matebulo a ma system amene ambiri a ife timapangira makopaletivi ndi ogula soya ndi mtedza kuno ku Kasungu amakula tsiku ndi tsiku. Thumba lililonse lokwera pa sikelo ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya ndi mzere watsopano mu database: dzina la mlimi, mudzi, tsiku, makilogalamu, mtengo, walipidwa kapena ayi. Chaka choyamba tsamba loonetsa zogulazo limatseguka nthawi yomweyo. Pofika chaka chachitatu kalaliki amangoyang'ana kanthu kozungulira pa sikirini, mlimi ataima pa zenera kudikira ndalama zake. Kawirikawiri vuto silikhala seva yochepa mphamvu ayi, limakhala njira imene tinasankha yobweretsera mizere pamaso pa munthu. Njira zimene timakangana ndi zitatu.

Yoyamba ndi yotumiza tebulo lonse ku browser, n'kusiya JavaScript igwire ntchito yotsala. Apa ambiri timathamangira ku DataTables, chida cha JavaScript choonetsera matebulo pa tsamba, imene analemba Allan Jardine pamwamba pa jQuery, chida chinanso cha JavaScript. Mukangolemba `$('#zogula').DataTable()` mwapeza kale masamba, bokosi lofufuzira ndi kusanja kolamu iliyonse. Ubwino wake weniweni kwa ife ndi wakuti tebulo likangotsika, netiweki ikhoza kuthawa koma kalaliki amapitirizabe kufufuza, ndipo zotsatira zimabwera asanamalize n'kulemba komwe. Amene anagwirapo ntchito kumalo kumene netiweki imapezeka pa chulu pokha akudziwa kufunika kwake. Koma werengani nokha: mizere 50,000, uliwonse wa mabayiti 300, ndi 15 MB. Gzip, njira yopanikiza deta isanatumizidwe, imachepetsako, inde, koma zimenezi zimatsika nthawi iliyonse tsamba likatsegulidwa, pa bandulo ya kalaliki, mu foni imene memory yake ndi yochepa kale. Palinso china chimene sitichiganizira: mayina, manambala a foni ndi ndalama za alimi onse zimafika m'foni ya munthu amene amangofuna mlimi mmodzi. Njira imeneyi ndimaisungira matebulo ang'onoang'ono osasinthasintha, monga mndandanda wa midzi, mitengo ya mbewu, kapena mamembala a kalabu.

Yachiwiri ndiyo imene mabuku ambiri ophunzitsa amayambira: seva izitumiza tsamba limodzi basi. Mu DataTables mumayatsa `serverSide: true`, ndiye browser imatumiza `start`, `length`, mawu ofufuzira ndi kolamu yosanjira, seva n'kuyankha ndi `data`, `recordsTotal` ndi `recordsFiltered`. Pansi pake pamakhala query, ndiye kuti funso lopita ku database m'chilankhulo cha SQL, ngati `ORDER BY tsiku DESC LIMIT 50 OFFSET 100`, kutanthauza kuti siyani mizere 100 yoyamba, bweretsani 50 yotsatira. Pa zida zopangira ma system a pa intaneti, Paginator ya Django imachita zomwezi, admin yake (tsamba loyendetsera system) imaonetsa mizere 100 pa tsamba ngati simunasinthe, ndipo `paginate` ya Laravel ndi chimodzimodzi. Bandulo yapulumuka, mabwana akuona manambala a masamba pansi, akhoza kudumphira tsamba lililonse, akhoza kusanja ndi kolamu imene akufuna. Mpaka apa palibe chodandaula.

Chovuta n'chakuti OFFSET sidumpha mizere, imaiwerenga kenako n'kuitaya. Tebulo la mizere 200,000 logawidwa 50 pa tsamba lili ndi masamba 4,000, ndipo kuti database ikupatseni tsamba lomaliza iyenera kudutsa mizere 199,950 imene simukuifuna. Zili ngati kalaliki amene nthawi iliyonse akafunsidwa dzina amayambiranso kuwerenga kaundula pa tsamba loyamba, m'malo moika kapepala pamene analekezera. Onjezani pamenepo COUNT, lamulo lowerengera kuchuluka kwa mizere. Ma database monga PostgreSQL, ngakhalenso InnoDB ya MySQL, sizisunga nambala yokonzeratu ya mizere, zimawerenga pofunsidwa, ndipo DataTables imafuna manambala awiri, la mizere yonse ndi la yosefedwa. Ndiye pa kudina kumodzi pamapita ma query atatu, ndipo nthawi zina owerengawo ndi amene amachedwa kuposa wobweretsa deta.

Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa OFFSET si liwiro, ndi kulondola. Tiyerekeze kalaliki wa pa boma akutsimikiza malipiro, ali pa tsamba 2, ndipo nthawi yomweyo anzake a ku Chisemphere alowetsa matumba atatu atsopano. Mizere yonse yatsika malo atatu. Akadina tsamba 3 aonanso mayina atatu amene wawaona kale. Ngati m'malo mwake mizere ina yafufutidwa kapena yachoka pa mndandanda wa osalipidwa, mayina ena amakwera kupita tsamba limene wadutsa kale, ndipo sawaonanso. Pa tebulo la malipiro zimenezi zikutanthauza mlimi wolipidwa kawiri kapena wobwerera kumudzi chimanjamanja.

Vuto lofanana nalo limabwera posanja ndi dzina la bambo. Kuno a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi ambirimbiri. Mukalemba `ORDER BY dzina` yekha, SQL sikulonjeza kuti a Banda onsewo abwera mu dongosolo lomwelo pa query iliyonse, choncho wina akhoza kuoneka pa masamba awiri, wina osaoneka konse. Mankhwala ake ndi otchipa: nthawi zonse malizitsani ndi kolamu yosabwereza, `ORDER BY dzina, id`. Chitani zimenezi kaya mwasankha njira iti.

Yachitatu ndi keyset, imene ena amaitcha cursor. M'malo monena kuti "dumpha mizere yakutiyakuti", browser imakumbukira mzere womaliza umene yaona n'kupempha yotsatira:

`WHERE (tsiku, id) < ('2024-05-14', 88213) ORDER BY tsiku DESC, id DESC LIMIT 50`

Mukakhala ndi index, ndiye kuti mlozera wothandiza database kupeza mzere msanga, pa `tsiku` ndi `id` pamodzi, database imapita molunjika pamalopo n'kutenga mizere 50. Tsamba la kutali limabwera ndi liwiro lofanana ndi tsamba loyamba, ndipo matumba atsopano olowa pamwamba sasuntha chilichonse pansi. PostgreSQL imagwiritsa ntchito index bwino pa kalembedwe aka. SQLite, database yaing'ono yokhala m'foni momwemo, inayamba kukalandira pa version 3.15 mu 2016, zimene zili zofunika kwa opanga ma app a Android ogwira popanda intaneti, bola muone SQLite imene ili m'mafoni akale. MySQL imakalandira, koma yesani ndi `EXPLAIN`, lamulo loonetsa mmene database ichitire query. Ikapanda kugwira index, lembani motalika kuti `tsiku < ? OR (tsiku = ? AND id < ?)`. Laravel ili ndi `cursorPaginate`, Django REST Framework ili ndi `CursorPagination`, ndiye simuyambira pachabe.

Mtengo wake ulipo. Manambala a masamba amachoka, mumatsala ndi "zotsatira" ndi "zam'mbuyo". Kusanja kulikonse kumene mwalola kumafuna index yakeyake, choncho simungalole kudina pa makolamu onse khumi ndi awiri, muyenera kusankha awiri kapena atatu. Kolamu yokhala ndi NULL (malo opanda kanthu), monga tsiku lolipira kwa amene sanalipidwe, imasokoneza kuyerekezako chifukwa NULL siikhala yaikulu kapena yaing'ono kwa china chilichonse. Ndiponso DataTables inamangidwa pa `start` ndi chiwerengero chonse, ndiye kuikakamiza keyset ndi ntchito. Nthawi zambiri tebulo wamba la HTML lokhala ndi batani la "onetsa zina" limakhala bwino kuposa.

Apa ndichenjeze amene akopeka ndi AG Grid, chida china choonetsera matebulo ngati DataTables. Ndi chida chabwino: imajambula mizere yokhayo imene ikuoneka pa sikirini, ndipo foni siilemedwa. Koma Infinite Row Model yake imapempha `startRow` ndi `endRow`, ndipo ambiri timangozisandutsa OFFSET ku seva. Maonekedwe asintha, koma database ikuvutika monga kale. Server-Side Row Model, imene imagawa mizere m'magulu ku seva, ili mu Enterprise yolipira ndi ndalama zakunja, ndipo mukudziwa mmene zikuvutira kupeza.

Funso limene limathetsa mkangano kwa ine ndi ili: ndani amapitadi pa tsamba 400? Kalaliki sapita. Iye amalemba dzina, kapena amasankha tsiku ndi depoti. Ndiye mphamvu zathu zizipita pa kufufuza. `LIKE '%banda%'` siigwira index wamba chifukwa cha `%` wa kumayambiriroyo, imasesa tebulo lonse. Pa PostgreSQL yatsani `pg_trgm`, chida chofufuzira ndi tizidutswa ta mawu, n'kuika index ya mtundu wa GIN pa dzina. Imathandizanso pamene wina analemba Ng'oma wina Ngoma. Pa SQLite pali FTS5 yofufuzira mawu. Ndipo kachizindikiro ka mu Ng'oma kameneko kamathyola query iliyonse yolumikizidwa pamanja, umene uli mpata womwewo umene akuba amalowera ndi SQL injection, ndiye kuti kulowetsa malamulo awoawo mu query yanu. Gwiritsani ntchito ma parameter, kuti zimene munthu walemba zizitumizidwa padera ndi query. Dzina la kolamu yosanjira silingadutse pa parameter, choncho liyerekezeni ndi mndandanda wanu wa makolamu ololedwa musanaliike mu `ORDER BY`.

Pa tebulo la zogula ndi malipiro, limene limakula anthu ali mkati moliwerenga, ine ndimasankha keyset pamodzi ndi zosefera za tsiku, depoti ndi dzina. OFFSET ndimaisiya pa admin ya mu ofesi ndi pa matebulo a mizere zikwi zochepa, kumene kulemba keyset kungakhale kutaya nthawi. Ku Django ndimangozimitsa `show_full_result_count` kuti COUNT imodzi ichoke. Mabwana akaumirira kuona chiwerengero pamwamba pa tsamba, PostgreSQL imasunga choyerekeza mu `reltuples` ya `pg_class`, chimene chimakonzedwa ndi VACUUM ndi ANALYZE, ndipo mukhoza kuchionetsa ndi mawu akuti "pafupifupi". Owerengera ndalama ofuna mizere yonse ya nyengo apatseni batani lotsitsira CSV, seva izitumiza pang'onopang'ono, akatsegule mu Excel pa kompyuta ya mu ofesi.