Ndinabuka wojambula wa black and white ku Wildlife Centre, ndemanga yanga

Loweruka lapitali tinatengana ndi amayi komanso ana awiri a achemwali kupita ku Wildlife Centre ya ku Lilongwe pa Kenyatta Road paja, ena mumati ku zoo ngakhale kwenikweni ndi malo osamalirako nyama zopulumutsidwa. Ndinabuka mnyamata wina amene ndinamuona pa Facebook, iyeyo amajambula za black and white basi, ndipo anandiuziratu kuti zoti "imani apa, mwetulirani" sapanga.

Amayi zimenezi sizinawakomere. Anatchena chitenje chatsopano cha maluwa ofiira ndiye atamva kuti kala sioneka anangoti "mwananga ndalama ukulipirazi ndi za chithunzi cha pa chiphaso?" Mnyamatayo anangoseka nkumatitsatira chapatali ngati sali nafe, mwina kugwada, mwina kubisala kuseri kwa mtengo mpaka ana anamuiwala.

Koma zithunzi zitabwera eee. Pali china amayi akhala pa benchi akusenda nthochi, pusi ali pa nthambi pamwamba pawo maso ali pa nthochi yomweyo, nkhope ziwiri zonse zaserious ngati akukambirana za maliro. Chikanakhala cha kala maso akanathamangira ku chitenje ndi masamba obiriwira aja, pusi osamuona nkomwe chifukwa ndi wotuwa. Apa ukuona makwinya a m'manja mwa amayi, ubweya wa pusi, kuwala kodutsa m'masamba. China ndi cha mwana akusuzumira mu Lingadzi kufuna kuona ng'ona, wagwira chitenje cha agogo ake zolimba.

Zodandaula zilipo. Anachedwa ola lathunthu, tinayamba dzuwa lili paliwombo ndiye zina nkhope zada bii pomwe kumbuyo kwayera mbee, iye mwini anavomera kuti m'mamawa zikanatuluka bwino. Komanso ananditumizira pa WhatsApp wamba, nditakachapitsa chimodzi ku Old Town chinatuluka chosaoneka bwino chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi. Muzimuuza atumize ngati document, bandulo idyeka koma bola. Ndinamufunsanso za kala, akuti amajambula mu RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, ndiye mitundu imakhalamo, anandipatsa chimodzi cha chitenje chija kuti amayi mtima ukhale pansi.

Ndingamubukenso, koma osati pa chinkhoswe, azakhali angandidye wamoyo. Cha pusi chija amayi achiika mu felemu pa sitingi rumu, cha kala chili mu foni mpaka pano sanachifunse.