Phiri la Domwe kapena damu la ku Songo: ndiyankhe kamodzi

Anzanga a ku Moatize, kuno ku Mozambique, mwanditopetsa ndi funso lomweli: tchuthi chino tikwere ku Angónia, kumene kuli phiri la Domwe, kapena tilowere ku Songo? Ine ndine wa ku Ulongwe, tauni ya ku Angónia komweko, ndiye musayembekezere kuti ndikhala pakati.

Songo nayo ili pamtunda, kamphepo kake kamakuiwalitsa ng'anjo ya mu mzinda wa Tete. Damu la Cahora Bassa silonyozeka ayi. Khoma la mamita 171 linatsekereza Zambezi pakati pa mapiri mu 1974, ndipo ukaima pamwamba n'kuyang'ana pansi miyendo imanjenjemera. Kapenta wake ngwokoma.

Koma imvani zimene zinandionekera. Titangotsika chapa (minibasi) ku Songo, mnyamata wina wotchena anatilandira ngati akuchimwene ake. Akuti amadziwana ndi a pageti, atilowetsa mpaka kumakina opukusa magetsi amene ali kunsi kwa phiri. Tinasonkherana anthu anayi n'kumupatsa. Tikufika pageti, mlonda anatifunsa mwaulemu chikalata cha chilolezo, chimene chimapemphedwa pasadakhale. Mnyamata uja anati akagule madzi kaye. Mpaka lero akugulabe! Mlonda sanalakwe, opusa tinali ife. Pofunafuna wakubayo dzuwa linapendeka, chapa chomaliza chinatisiya, ndalama ya kapenta wa amayi inathera pa chipinda chogona.

Ku Domwe kulibe geti. Phiri lopitirira mamita 2,000, mumangolonjera amfumu a mudzi wa m'tsinde, n'kupempha mnyamata wodziwa njira, mtengo mumagwirizana pamaso pa anthu. Pamwamba mumaona minda ya kachewere ndi nyemba itayala ngati mphasa, uko phiri la Dedza ku Malawi likusuzumira. Potsika dzerani ku mishoni yakale ya Lifidzi, ya abambo a chiJesuit, mukaone tchalitchi.

Zoipa zake sindibisa. Nthawi ya dzinja msewu wafumbi umasanduka phala, njinga yamoto yokha ndiyo imalimba mtima. Mu June ndi July kuzizira kwake inu a kuchigwa mudzalira, tengani majuzi awiri. Malo ogona abwinoko ali ku Ulongwe, osati kuphiriko.

Amene mtima wanu uli pa damu, pemphani chilolezo musananyamuke ndipo wokulandirani pa siteji musamupatse kanthu. Enanu bwerani mu August mvula kulibe, mudzandipeza ku msika wa Ulongwe, mbatata yootcha ndidzagula ndine.