Wikendi ku Lusaka pa basi, kugona ku hositelo: mmene ndinazionera

Amene mwakhala mukufunsa za maulendo aja a ku Lusaka olipira basi ndi malo ogona pamodzi, ine ndapitako ndipo mtengo wake siwoboola mthumba, koma ndinene zoona wikendi yokha sikwanira ayi. Lachisanu lonse limathera mumsewu, Lamulungu chimodzimodzi, ndiye Lusaka weniweniyo mumamuona Loweruka lokha basi.

Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache. Pa boda ya Mchinji ndi Mwami zinthu zili bwinoko chitsegulireni One Stop Border Post mu 2022, a immigration a mbali zonse ziwiri ali malo amodzi, mukadinditsa pasipoti uku mumangosunthira apo, komanso ife a ku Malawi satifunsa visa. Chinatichedwetsa ndi katundu wa amalonda yemwe anadzaza pansi pa basi mpaka a kasitomu kumatsitsa thumba limodzi limodzi, enafe tili pa dzuwa. Osintha ndalama amakuunjirirani pompo, inuyo pirirani mukasinthe ku bureau, kwacha ya ku Zambia ndi yamphamvu kwambiri poyerekeza ndi yathu ndiye mukasokoneza masamu pang'ono mwaluza zambiri.

Kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri ndi makona aja otsikira ku mlatho wa Luangwa. Apa pokha ndiye musagone, khalani cha pa windo. Pafupi ndi mlathowo basi inaima, amayi akugulitsa nsomba zouma ndi madengu oluka bwino zedi, koma kumatentha kumeneko abale, tengani madzi okwanira. Mipando inali bho, dalaivala amayendetsa mosamala, chokhacho masoketi otchajira foni omwe anatilonjeza aja ambiri samagwira ntchito ndipo kondakitala sanasamale nkomwe titamuuza. Zinandiwawa chifukwa adilesi ya hositelo inali mu foni momwemo.

Hositeloyo ndi imene yandipangitsa kuti ndilembe izi. Ndimaopa zogona chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa, mabedi osanjikizana aja, koma munali mwaukhondo, zofunda zochapa, neti ya udzudzu pa bedi lililonse ndi kabati yoikamo chikwama (loko mubweretse wanu). Kuli khitchini yoti mutha kudziphikira, zomwe zimapulumutsa ndalama kwambiri. Mayi a pa reception anatilandira ngati ana awo ngakhale tinafika usiku titatopa, anatiitanira takisi ya Yango mawa lake nkutilangiza koyenda ndi kosayenda kukada. Mavuto awiri okha, magetsi akathima madzi otentha ku shawa kulibe, komanso nyimbo za ku bala kwawo zimafika mpaka kuchipinda pakati pausiku, amene mumagona msanga pemphani chipinda cha kumbuyo.

Loweruka tinathamanga ndithu. Tinayamba ndi Chilenje House 394, kanyumba komwe a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 akumenyera ufulu, kakang'ono kwenikweni moti ukalowamo umangoti zii kuganiza kuti nkhani zikuluzikulu za dziko zimakambidwira mmenemo. Pamenepo ndikanakonda kukhalitsa. Kenako Lusaka National Museum pa Independence Avenue ndi Freedom Statue, bambo uja akudula maunyolo, zili pafupi pafupi. Ku Kabwata Cultural Village kuli ziboliboli ndi zitenje, nenererani mtengo musachite manyazi. Ku Soweto Market ndinalawa koyamba chikanda, chakudya chopangidwa ndi timizu ta mtchire ndi nsinjiro, ndipo ndinagula china chopita nacho kunyumba, koma foni igwireni bwino mmenemo anthu ndi ochuluka. Chiyankhulo sichivuta, mu tauni muja Chinyanja chili ponseponse, mukayankhula Chichewa amakumvani bwinobwino.

Hositelo ndikuyipatsa nyenyezi 4 pa 5, basi 3. Amene mukufuna kupita pemphani tchuthi cha Lolemba kuntchito kuti mukhale ndi masiku awiri athunthu mu tauni, ndipo mukangotsika pa Intercity, depoti yayikulu ya mabasi ku Lusaka, funsani nthawi yomweyo kuti basi yobwerera inyamuka nthawi yanji, chifukwa za ku Chipata zimanyamuka m'mamawa kwambiri.