Miyezi 14 ndili ndi Mkuntho: dzina limodzi katatu papepala la makolo ake

Mu Juni chaka chatha ndinalemba mosangalala za kagalu ka German Shepherd kamene ndinagula kwa woweta wina wa ku Lusaka. Ndinayamikira mafupa ake okhuthala, mtima wake wosaopa, ndi mapepala amene kanabwera nawo. Ndinabwerezanso monyadira mawu a wogulitsayo akuti kagaluko ndi ka linebreeding, kutanthauza kobadwa kwa agalu apachibale okweretsedwa mwadala. Tsopano papita miyezi 14, Mkuntho wakula, ndipo zina zimene ndinalemba zija ndiyenera kuzikonza. Chikundiwawa n'chakuti anthu awiri kuno ku Chipata anaitanitsa agalu kwa munthu yemweyo atamva kwa ine.

Pantchito ndilibe naye mlandu Mkuntho. Kafamu kathu kali m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi, timaweta nkhumba ndi nkhuku, ndipo tikakolola matumba a soya ndi chimanga amagona m'shedi yamalata kuseri kwa nyumba. Usiku wina mu Meyi ndinadzuka nditamva kulira kwapansipansi, kwa m'khosi. Sanali kuuwa ayi. Nditasuzumira pawindo ndinamuona ataima chilili pakati pa nyumba ndi shedi, makutu ali njo, maso kumpanda. Anauwa kawiri kokha n'kuthamangira komweko. M'mawa tinapeza waya atadulidwa ndi mapazi a anthu awiri akulowera kudambo. Thumba ngakhale limodzi silinasowe. Masana galu yemweyu amagona pakhonde anapiye akumudutsa pamphuno, mdzukulu wanga amamukoka mchira iye osachita kanthu. Mlongo wake wa bere limodzi ali kwa mnzanga ku Kalongwezi, konkuno ku Chipata, ndipo khalidwe lake n'chimodzimodzi, ngati anawaumba m'chikombole chimodzi.

Kufananako ndiko amafuna oweta akamakweretsa agalu apachibale, ndipo si bodza kuti zimatheka. Mtundu wonse wa German Shepherd unayamba choncho. Mu 1899 Max von Stephanitz wa ku Germany anagula galu amene anamutcha Horand von Grafrath, n'kumulemba woyamba m'kaundula wa SV, bungwe lake loyang'anira agalu a mtundu umenewu, ndipo ana ndi adzukulu a galuyo ankakweretsedwa okhaokha mpaka maonekedwe ndi khalidwe zinakhazikika. Agalu oweta nkhosa a Border Collie nawonso mzere wawo umabwerera kwa galu mmodzi, Old Hemp, wobadwa mu 1893. Choncho wogulitsa uja ponena kuti agalu otchuka anachokera m'njira imeneyi sananame. Anangondiuza theka la nkhani.

Theka linalo ndinaliona ndi maso anga. Choyamba, mundikhululukire mawuwa, machende ake linatsika limodzi lokha. Ndinkati litsika akamakula, koma anakwanitsa miyezi 6 lisanaoneke. Chachiwiri chinayamba mu Malichi, ali ndi miyezi 11. Akamathamanga ankanyamula miyendo yonse yakumbuyo pamodzi ngati kalulu. Ana ankaseka, ine ndinkayesa masewera. Itafika mphepo ya mu Juni ndinayamba kumuona akuvutika kudzuka m'mawa. Amayamba wakhala kaye tsonga, kenako n'kukankha ndi miyendo yakutsogolo, chiuno chikubwera pambuyo mochedwa. Kale ankalumphira yekha kumbuyo kwa galimoto, koma tsopano amaika miyendo yakutsogolo n'kundiyang'ana kuti ndimunyamule. Galu wa chaka chimodzi sayenera kudzuka ngati nkhalamba.

Ndinapita naye ku Lusaka kukajambulitsa x-ray, ulendo wa tsiku lathunthu pa Great East Road. Dokotala wa ziweto anandionetsa chithunzi: mutu wa fupa la ntchafu sukhala bwino m'kambale kake, makamaka kumanzere. Matendawa amawatcha hip dysplasia, ndipo ndi ofala mwa agalu akuluakulu, German Shepherd ali m'gulu lomwelo. Anandiuza mosabisa kuti si magazi okha amene amachititsa, kunenepa ndi kukula mothamanga zimawonjezera. Apa ndili ndi mbali yanga, pakuti ndinkamupatsa nsima, kapenta ndi zotsala za kubutchala mosayeza, ndikusangalala kuti akukula msanga. Kenako dokotalayo anati, "Bambo, mapepala ake mwabwera nawo?"

Anawayala patebulo, natenga pensulo, n'kuzunguliza dzina limodzi. Analizungulizanso pena. Kenako kachitatu. Pepala lomwelo ndinakhala nalo chaka chathunthu m'kabati, ndipo ndinkangoona maina achizungu ataliatali ndi chidindo. Bambo wa Mkuntho ndi mayi wake anali a bambo mmodzi. Kuwonjezera apo, mayi wa mayi wakeyo analinso mwana wa galu yemweyo, kutanthauza kuti mayi wa Mkuntho anabadwa bambo atakwera mwana wake. Oweta amalemba zimenezi mwachidule kuti 2-2,3: dzinalo lili mu m'badwo wachiwiri kuchimuna, ndipo kuchikazi lili mu wachiwiri ndi wachitatu.

Pali masamu ake, amene wasayansi wa ku America Sewall Wright anafalitsa mu 1922. Kagalu kalikonse kamalandira majini (tizinthu ta m'thupi tonyamula zotengera kwa makolo) awiriawiri, lina kwa bambo lina kwa mayi. Majini ambiri oipa amabisala ngati linzake lili labwino, galu n'kumaoneka wathanzi koma atanyamula vuto. Makolo akakhala apachibale, mpata umakula woti kagalu kalandire jini lomwelo la kholo limodzi kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo chobisika chija chimatulukira poyera. Masamuwo amayeza mpata umenewu. Bambo ndi mwana wake, kapena galu ndi mlongo wake wa bambo ndi mayi mmodzi, ana awo amakhala pa 25 peresenti. A bambo mmodzi amayi osiyana, 12.5 peresenti. Agogo ndi mdzukulu, 12.5 yomweyo. Asuweni, 6.25. Dokotala anawerengera Mkuntho pakona ya pepala: 12.5 kuchokera njira yoyamba, 6.25 kuchokera njira yachiwiri, zonse pamodzi 18.75 peresenti. Ndipo izi n'za mibadwo itatu yokha yolembedwa papepalapo. Za kumbuyo kwake zikanangowonjezera, sizikanachotsera.

Ndinamufunsa kuti nanga linebreeding ndi inbreeding, kukweretsa agalu a chibale choyandikana kwambiri, zimasiyana pati. Anati palibe mpanda pakati pake, ndi msewu umodzi, kusiyana n'kwakuti wayenda mtunda wautali bwanji. Oweta osamala akamati linebreeding amanena kholo labwino lobwerera patali, mu m'badwo wachitatu kapena wachinayi, ndipo agalu onse amawayeza kaye asanawakweretse. Ku Britain bungwe la Kennel Club linasiya mu 2009 kulembetsa ana obadwa kwa bambo ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena galu ndi mlongo wake. A SV ku Germany amafuna galu ajambulidwe chiuno akakwanitsa miyezi 12 asanaloledwe kubereketsa. Papepala la Mkuntho panalibe paliponse polembedwa za chiuno cha makolo ake, ndipo ine sindinafunse.

Nditabwerera ndinamuimbira wogulitsa uja. Anayankha mwaulemu ndithu. "Abwana, amenewo ndi magazi oyera, sitisakaniza ndi agalu wamba. Mwina mwamudyetsa kwambiri." Nditafunsa kuti anabadwa angati, anati anayi, mmodzi anabadwa wakufa, wina anafa sabata yoyamba. Kwa German Shepherd ana 6 mpaka 8 si zachilendo. Bere laling'ono ndi ana ofooka ndi zina mwa zizindikiro zodziwika za chibale choyandikana kwambiri, ngakhale bere limodzi palokha silingagamule mlandu. Sindikuganiza kuti munthuyu anafuna kundibera. Ali ndi galu mmodzi wamwamuna amene anamugula modula kunja, ndipo akumubwezera kwa ana ake ndi adzukulu ake chifukwa kupeza wina ndi ndalama. Koma mawu oti magazi oyera amatigwira ambiri kuno. Timaopa kwambiri kugulitsidwa galu wosakanizika ndi wam'mudzi mwakuti sitifunsa za vuto la mbali inayo.

Amalume anga a ku Chadiza nditawafotokozera sanadabwe n'komwe. Anati, "Mphwanga, nanga tonde timamusinthanitsa chifukwa chiyani? Ukamusiya m'khola zaka zitatu akwera ana ake, timbuzi timabadwa tonyentchera." Sanapite kusukulu ya zoweta, koma akhala akusinthana atonde ndi anzawo a midzi ina kuyambira ndili mwana. Nzeru imeneyi ndinakulira nayo, koma nditaona chidindo papepala ndinaiiwala.

Pakhomo tilinso ndi Asiyeni, galu wamkazi wachikuda amene tinapatsidwa kumudzi. Ali ndi zaka 9, amalandira katemera wa chiwewe ndi mankhwala a nkhupakupa basi, ndipo amadzuka m'mawa msanga kuposa Mkuntho. Sindikunena kuti agalu am'mudzi alibe matenda, ndipo nawonso mukawatsekera mumpanda umodzi zaka zambiri adzakwerana pachibale. Komanso Asiyeni amauwa chilichonse, mphaka, njinga, ngakhale mwezi, ndipo usiku wa mu Meyi uja sindikanadzuka chifukwa cha iye. Chimene ndinagula kwa Mkuntho ndinachipeza. Mtengo wake weniweni ndi umene sanandiuze, ndipo wolipira kwambiri ndi galuyo.

Kodi ndingagulenso? Kwa makolo awiri omwewa, ayi. Galu wa linebreeding yochitidwa mosamala, inde, chifukwa mtima wokhazikika ngati wa Mkuntho sumabwera mwangozi. Koma ndisanapereke kwacha iliyonse ndingapemphe pepala la mibadwo isanu, n'kukhala pansi ndi pensulo kufunafuna dzina lobwerezedwa. Likapezeka kawiri mu m'badwo wachiwiri, ndabwerera. Ndingafune kuona zotsatira za x-ray za bambo ndi mayi, osati kungomva pakamwa. Ndingafunse kuti anabadwa angati ndipo atsala angati, ndi kuti ana a bere lapita ali kuti, ndikawaone akuthamanga. Woweta amene amadziwa zimene akuchita sakwiya ndi mafunso amenewa, amayamba yekha kukuuzani zofooka za mzere wake.

Panopa Mkuntho ndamuchepetsera chakudya mpaka nthiti zikumveka ndikamusisita. Kulumpha ndamuletsa, timangoyenda pang'onopang'ono madzulo kukafika kudambo n'kubwerera. Amagona pamatiresi akale m'malo mwa simenti, ndipo masiku ozizira amamwa mankhwala a ululu amene dokotala analemba. Mwezi watha tinamuthena, chifukwa tchende limene linatsalira m'mimba lija limatha kudzachita khansa, komanso vutolo limapita kwa ana.

Asanathenedwe, mnzanga wa ku Kalongwezi uja anabwera ndi ganizo. Anati tikweretse Mkuntho ndi mlongo wake, ana tigawane, pakuti anthu ambiri akufunsa agalu a mtundu umenewu ndipo ndalama yake ndi yabwino. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa pepala lija, dzina lozungulizidwa katatu ndi pensulo lija likuonekabe. Tinakhala pakhonde nthawi yaitali tikuliyang'ana. Kenako ndinaitana Mkuntho, amene anali atagona pansi pa mtengo wa mango, kuti mnzangayo aone yekha mmene amadzukira. Sabata yamawa akupita ndi wake ku Lusaka kukajambulitsa chiuno.